Geji ya mafuta: singano imene tiyenera kuiphunzira

Ntchito yanga ndi yokonza magalimoto akale a dizilo kuno kwa Kadewere, m'boma la Chiradzulu. Pagalaja panga pamafika ma Hilux a injini za 3L ndi 5L, ma Hiace, ma Nissan Hardbody a TD27, ma Isuzu KB, komanso ma Canter ndi ma Dyna onyamula njerwa, mchenga, nandolo ndi anthu opita kumsika. Ambiri mwa magalimotowa anapangidwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo injini zake n'zopirira kwabasi. Koma pali kachipangizo kamodzi kamene eni ake amakanyozera: geji ya mafuta. Munthu amalolera kugula matayala ndi batire, koma ndikamuuza za geji amayankha kuti, "Imeneyo isiyeni amisiri, galimoto yangayi ndimaidziwa." Ine nkhaniyi imandikhudza, chifukwa ndaona kasingano kameneka kakuphetsa mapampu odula, ndiponso kakudanitsa anthu amene ankadyera mbale imodzi.

Choyamba chimene dalaivala aliyense ayenera kumvetsa n'chakuti geji siwerenga malita. M'kati mwa thanki muli fuloti, imene imayandama pa dizilo monga chikho chimayandamira mumtsuko: madzi akamatsika, nachonso chimatsika. Fulotiyo ili kunsonga kwa kamkono kachitsulo, ndipo kumapeto enawo kamkonoko kamatsetsereka pa kawaya kopyapyala kokulungidwa mothithikana. Kakasuntha, mphamvu ya magetsi yopita ku dashibodi imachuluka kapena kuchepa, singano n'kusunthanso. Choncho chimene mukuona ndi msinkhu wa dizilo basi. Tsono thanki si bokosi lofanana paliponse. Anaipinda kuti ilambalale chesisi ndi zitsulo zina zapansi, motero pena ndi yotakasuka, pena yopanikizika. Komanso fuloti imagunda kudenga thanki isanadzaze kwenikweni. N'chifukwa chake singano imakhalitsa pa F, munthu n'kumasangalala kuti galimoto sikudya mafuta, koma ikangodutsa pa hafu imatsika mothamanga.

Galimoto ikabwera ndi dandaulo la geji, ndimayambira ku mawaya ndisanakhudze thanki. Pa ma Toyota akale ambiri, ndikaika mita yanga pa fuloti ndimayembekezera ma ohm pafupifupi 3 thanki ikakhala yodzaza, ndi pafupifupi 110 ikakhala yopanda kanthu. Manambala amenewa amandiuza zambiri. Waya wa earth akachita dzimbiri, geji imaonetsa mafuta ochepa kuposa amene alimo. Waya wopita ku dashibodi akaduka, singano imagona pa E. Akasupuka n'kukhudza chitsulo cha galimoto, singano imakakamira pa F ngakhale thanki itauma. Magalimoto a makampani ena amawerengera mosiyana, ena mpaka motembenuza, ndiye fuloti yogula pamsika ku Ndirande kapena ku Limbe chifukwa choti mabowo a mabawuti akugwirizana ikhoza kulowa bwinobwino koma n'kumanena zabodza tsiku lililonse.

Mawaya akakhala abwino, ndimamasula fuloti ija. Ndikaitulutsa n'kuipukuta ndi kansalu, nthawi zambiri ndimapeza chinthu chimodzimodzi. Kawaya kokulungidwa kaja kamakhala katsopano ndithu mbali ya kumtunda, koma chakumunsi, pakati pa E ndi kota, kamakhala konyezimira, kodyeka, mwina kataduka timizere tiwiri kapena titatu. Chifukwa chake n'chodziwika. Kuno ambiri sitidzaza thanki. Timathira malita 5 kapena 10, okwanira ulendo wa lero, ndiye kamkono kaja kamakhala kakukhula malo amodzimodzi zaka ndi zaka, galimoto ikudumpha m'mabampu a misewu yafumbi. Mapeto ake geji imawonongekera pamalo pomwe timaifunitsitsa. Nthawi zina vuto limakhala fuloti yeniyeniyo: ukaigwedeza pafupi ndi khutu umamva dizilo akuchita phokoso m'kati, kusonyeza kuti inabowoka ndipo ikumira. Nthawi zina ndi thanki imene inagunda mwala n'kuphwanyikira m'kati, fuloti n'kumatsamira pachotupacho osafika pansi. Zoterezi zinachuluka namondwe wa Freddy atakumba misewu yathu mu Malichi 2023, pomwe magalimoto ankadutsa m'maenje, m'miyala ndi m'madzi.

Wina angafunse kuti, kodi mafuta akatha si kungothira ena? Pa galimoto ya petulo mwina n'choncho, koma dizilo ali ndi malamulo ake. Thanki ikauma, mapaipi amakoka mpweya, ndipo mpweya ukalowa mu pampu injini siilira ngakhale mutathira chigubu chathunthu. Pamafunika kubulida. Umamasula kabawuti ka pamutu pa fyuluta, n'kumapopa ndi chikhatho kapampu kakang'ono kaja mpaka thovu litasiya, dizilo n'kuyamba kutuluka woyera. Ukatero umamasula pang'ono manati a mapaipi a ku nozulo, mnzako n'kumaliza sitata, iwe ukuyang'ana mpaka dizilo atayamba kulavuka pa nati iliyonse, kenako n'kumanga imodziimodzi. Injini imayamba ndi kutsokomola, kenako imagwira. Amene sadziwa izi amangoliza sitata mpaka batire kutha, mwinanso sitata kupsa.

Choopsa kwambiri sichioneka tsiku lomwelo. Mapampu ozungulira a pa ma Hilux, ma Hiace ndi ma Hardbody alibe oyilo wawo. Dizilo yemweyo ndi amene amafewetsa ndi kuziziritsa zitsulo za m'kati. Pampu ikazungulira youma imadyeka pang'onopang'ono, ndipo ikafooka ine pano sindingaikonze, imafunika kupita kwa akatswiri a makina oyesera mapampu ku Blantyre, komwe ndalama yake ndi yowawa. Onjezani apo kuti thanki yokhala nthawi zonse yopanda mafuta imachita thukuta m'kati kukazizira usiku, madziwo n'kumatsikira pansi ndi kuyambitsa dzimbiri. Komanso dera lathu ndi la zitunda. Mukamakwera ndi dizilo wochepa, yense amathawira mbali imodzi, paipi n'kukoka mpweya pomwe m'thanki mudakali malita angapo.

Funso limene ndimalandira kawirikawiri ndi lakuti, "Amisiri, singano ili apa, kodi ndikafika ku Limbe?" Yankho loona silichokera pa geji yokha, limachokera pa kudziwa kadyedwe ka galimoto yanu. Njira yake ndi yapafupi. Dzazani thanki, lembani manambala a makilomita, yendani monga mwa masiku onse, kenako dzazaninso pamalo omwewo. Ngati mwayenda makilomita 360 ndipo mwathira malita 40, ndiye kuti lita imodzi ikukupatsani makilomita 9. Koma nambala imeneyi imasintha. Galimoto yopanda katundu pa tala wa Limbe kupita ku Zomba, kudzera pa Njuli, Mbulumbuzi ndi Namadzi, siidya mofanana ndi yosenza matumba a nandolo m'matope a dzinja pa giya yachiwiri. Matayala ochepa mpweya, fyuluta ya mpweya yodzaza fumbi, mabuleki ogwira, ma nozulo otopa otulutsa utsi wakuda, injini yolira pasiteji podikira anthu, ndi timapaipi tobweza dizilo ku thanki tikamadontha, zonsezi zimadula ulendo. Ndipo ngati munaika matayala aakulu kuposa oyenera, mita ya makilomita imawerenga ochepa kuposa amene mwayendadi.

Ndikudziwa kuti kudzaza thanki si chinthu chapafupi. Mafuta athu amachokera kutali, kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo ndalama zakunja zikasowa timagona pamizere monga zinalili mu 2011 ndi 2012, n'kubwereranso kuyambira 2022. Kwacha itagwa mu Novembala 2023, bungwe la MERA linakweza dizilo kufika pa K2,734 pa lita. M'nyengo zotere anthu amathamangira dizilo wa m'zigubu, amene nthawi zina amakhala wosakaniza ndi palafini kapena madzi, ndipo woteroyo amafupikitsa ulendo ndi moyo wa pampu. Ndiye kwa amene sangathe kudzaza, ndili ndi njira ina. Timaimika galimoto pamalo athyathyathya, timakhuthula thanki ndi kuitsuka, kenako timathira malita 5 oyezedwa bwino. Timatsegula kiyi n'kudikira, chifukwa singano za magalimoto akale zimakwera mwaulesi. Ikaima, timamata kapepala pagalasi la geji n'kulemba mzere. Timathiranso malita 5, mzere wina, mpaka dizilo amene mwini wake wakwanitsa atatha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchitoyi imatenga nthawi, koma munthu amachoka akudziwa tanthauzo la singano ya galimoto yakeyake, osati ya mnzake.

Phindu lina la mizere imeneyi ndi mtendere. Tsiku lina kunabwera bambo wina mwini lole pamodzi ndi dalaivala wake, mnyamata wa m'mudzi momwemo, nkhope zonse zili gwa. Bwanayo anati, "Amisiri, dzulo ndathira dizilo singano inafika pa hafu. Lero ulendo umodzi wokha wa mchenga, ili pa E. Mwanayu akundigulitsira mafuta." Mnyamatayo anangoti, "Bambo, ine sindinakhudze thanki," misozi ili m'maso. Ndinatenga kandodo koyera n'kupisa m'thanki pamaso pa onse awiri, ndipo kanatuluka konyowa kufika pafupi ndi pakati. Titatsata waya tinapeza pomwe anadyeka ndi chesisi, atatsala pang'ono kuduka, akugwira ntchito ndi kusiya. Akuba mafuta alipo ndithu, sindikukana, koma munthu asachotsedwe ntchito ndi kuipitsidwa mbiri pa umboni wa geji imene palibe anaiyesapo.

Kwa anzanga oyendetsa magalimoto akalewa, pempho langa ndi ili. Konzetsani geji, chifukwa mtengo wake sufika n'komwe pa wa pampu. Sungani kabuku m'galimoto, muzilembamo malita ndi makilomita nthawi iliyonse mukathira. Khetsani madzi a pansi pa fyuluta kawirikawiri, makamaka mukathira dizilo wa m'chigubu. Ndipo kota yomaliza ya thanki muziyiona ngati si yanu, ndi ya pampu. Malita amene mumawotcha pa ulendo ndi omwewo, kaya thanki ili pa hafu kaya ili pa E. Kusiyana kwake n'kwakuti amene amasunga kotayo amafika kumene akupita, ndipo galimoto yake imapitiriza kudyetsa banja zaka zina zambiri.