Makobiri Amkuwa Amene Ankalankhulira Mafumu a Roma

Ukatuluka pa siteshoni ya sitima ya Termini mumzinda wa Roma, umangowoloka msewu basi wafika pa Palazzo Massimo, imodzi mwa nyumba za Museo Nazionale Romano. Alendo anzanga anakhamukira kukaona zosema m'zipinda zam'mwamba. Ine ndinatsikira kuchipinda chapansi, kuseri kwa zitseko zachitsulo zochindikala, komwe amasungako ndalama zakale.

Makobiri agolide amanyezimira ndithu, koma amene anandigwira mtima ndi amkuwa, ena atachita kubiriwira ndi kukhalitsa. Amenewa ndiwo ankayenda m'manja mwa mayi wogula buledi, wamtengatenga wa padoko ndi kapolo. Lalikulu pakati pawo ndi sestertius, lofanana mphamvu ndi timakobiri tinayi totchedwa as, kakobiri komwe kaja ka pa Mateyu 10:29 kogula mpheta ziwiri. Ambiri ali ndi zilembo SC, kusonyeza kuti Senate, bwalo la akuluakulu a Roma, inavomereza.

Popeza kunalibe wailesi kapena nyuzipepala, mfumu inkafika kwa anthu ake kudzera pamakobiri. Wosula nkhope ya mfumu Nero sanabise khosi lake lonenepalo, ndipo kuseri kwa kobirilo anaikako doko la Ostia lodzaza zombo, kuuza aliyense kuti tirigu wodyetsa mzinda akufika chifukwa cha mfumu.

Pomwe miyendo yanga inakana kuchoka ndi pa sestertius ya mfumu Vespasian ya chaka cha 71. Pakati pali mtengo wa kanjedza, patsinde pake mayi wakhala pansi, dzanja lili patsaya. Mayiyo akuimira Judaea yogonjetsedwa, Jerusalem atagwa m'chaka cha 70. Ayuda ambiri anawatengera ku Roma ngati akapolo. Taganizani mmodzi wa iwo atamutuma kumsika, n'kumupatsa m'manja chithunzi cha maliro a kwawo kuti agulire mafuta! Luso la wosulayo ndi logometsa, koma ntchito yake inali yonyoza ogwa, ndipo mtima wanga unawawa.

Madzulo ndinayenda wapansi mpaka ku Forum. Pachipata cha Titus, mwana wa Vespasian, chomangidwa iye atamwalira m'chaka cha 81, asilikali osemedwa pamwala akunyamulabe choikapo nyale cha nthambi 7 chimene analanda m'kachisi wa ku Jerusalem. Chipatacho ankachiona ndi okhawo ofika pamalopo, pomwe kobiri linkafalitsa uthenga womwewo m'misika yakutali.

Mukadzafika ku Roma, owerenga, musadzathere pa Colosseum pokha. Mudzatsikenso pansi pa Palazzo Massimo, ndipo kobiri lililonse mudzalifunse kuti kuseri kwake kuli ndani.