ZA JASI LA UBWEYA NDI PAKAMWA PA MKONZI

Tsiku lina m'mawa, pamene tinalikuona makope a ana a sukulu, tinapeza kope la mtsikana wina litakutidwa ndi pepala losalala ndi lonyezimira, long'ambidwa m'buku la Azungu. Mapepala otere amakulungiramo mcere ndi usipa pamsika, ndipo ana amawatola cifukwa satha msanga. Pa pepalalo panali cithunzithunzi ca mai wamtali, woonda, atabvala jasi la ubweya wa nyama lofika kumapazi. Mwini kope anatifunsa nati, "Aphunzitsi, kodi amaiwa ndi mfumukazi ya Angoni?" Anzace anaseka, koma ife sitinaseke, pakuti mwanayo anaganiza bwino: kwathu kuno wobvala zikopa ndiye mfumu, kapena wobvina ingoma. M'munsi mwa pepalalo munali dzina la bukulo m'timalemba tating'ono, ndilo Vogue.

Tinamuuza kuti amaiwo sali mfumukazi iai, koma munthu wolembedwa nchito ya kubvala zobvala kuti ena aone nakhumbire kugula. Ndiponso kuti jasi limodzi lotere limatha tinyama makumi angapo. Iye anakhala cete pang'ono, nafunsanso, "Nanga nyama yace anadya ndani?" Funso limenelo ndilo latikhalitsa pansi kulemba mau awa, pakuti ku maiko a Azungu anthu anakangana pa jasi lotere zaka zoposa 30, ndipo bukulo linali pakati peni peni pa mlanduwo.

Vogue ndi magazini, ndiko kuti buku loturuka nthawi ndi nthawi monga lino muli kuwerengali, koma nkhani zace ndi za zobvala. Linayamba ku New York m'caka ca 1892, ndipo mu 1909 linagulidwa ndi mkuru wina dzina lace Condé Nast, amene kampani yace ichedwa ndi dzina lomwelo kufikira lero. Nchito yace ndiyo kuuza akazi a cuma cimene ayenera kubvala caka cino, ndi cimene ayenera kutaya ngakhale sicinang'ambike. Mu 1988 anaika Mkonzi watsopano, mai wa ku London dzina lace Anna Wintour. Pa cikuto cace coyamba, ca mwezi wa November, anaikapo namwali woseka, tsitsi lace liri kuuluka ndi mphepo, atabvala buluku wa jinzi wa anthu wamba pamodzi ndi malaya a mtengo wapatali, okhala ndi mtanda waukuru wa miyala yonyezimira pa cifuwa. Osindikiza ataona anafunsa ngati wina walakwitsa. (Za mtanda wosandutsidwa mkanda tikadanena zambiri, koma si nkhani ya lero.) Ena anayamika Mkonziyo kuti waturutsa bukulo m'nyumba za mafumu nalifikitsa pamseu, ena anadandaula kuti wakonda anthu ochuka a m'kanema koposa luso la osoka. Makangano amenewo anali a pakamwa cabe. Cimene cinautsa mkwiyo weni weni ndico ubweya.

Tiyenera kulongosola kumene ubweyawo ucokera. Kuli kanyama kochedwa mink, konga likongwe, kokonda madzi ngati katumbu. Tinyama timeneti amatiweta m'tizitupa ta waya tondandalika m'mizere yaitali, m'mene kanyama kayenda kucoka ku mbali iyi kufika ku mbali iyo ndi kubwerera, tsiku lonse, osakhudza dothi kapena kusambira. Timabadwa ca m'April ndi May, ndipo timaphedwa ca m'November, ubweya utakhwima cifukwa ca cisanu ca kumeneko. Amatipha ndi mpweya woipa, ndipo nkhandwe amazipha ndi magetsi, kuti cikopa cisabooke. Yankho la funso la mwana uja ndi ili: palibe munthu adya nyama yace.

Musaganize, abale, kuti ife tiyesa cikopa cinthu codetsedwa. M'buku la Genesis timawerenga kuti zobvala zimene Mulungu anabveka makolo athu oyamba zinali za zikopa, ndipo Yohane Mbatizi anabvala ubweya wa ngamila ndi lamba wa cikopa. Agogo athu anaberekera ana m'nguwo, ndipo ng'oma imene tiyimbira siikutidwa ndi masamba. Koma mbuzi imene inapereka nguwo inadya msipu masiku ace onse, ndipo itaphedwa banja linadyera nsima. Mlenje wopha gwape, kusenda cikopa, nasiya nyama iwole m'chire, sakadakhala ndi nkhope pa bwalo. Ulamuliro umene munthu anapatsidwa pa zamoyo ndiwo wa mbusa, ndipo mbusa adzawerengetsa zoweta pamaso pa mwini wace.

Ku America kunabadwa bungwe mu 1980 lochedwa PETA, la anthu omenyera nyama ufulu. Iwo anaona kuti Vogue liri kuika ubweya m'masamba a malonda ndi m'masamba a Mkonzi momwe, ndi kuti Mkonziyo mwini wace akonda kuubvala. Anafuna kugula malo m'bukulo ndi ndalama zao, monga acitira ogulitsa, kuti owerenga aone zitupa zija, koma anakanizidwa. Pamenepo zinthu zinafika poipa. Mu 1996, Mkonziyo alikudya m'nyumba ina yodyeramo ya olemera ku New York, mkazi wina anadza nataya m'mbale mwace mtembo wa kanyama kochedwa raccoon. Akuti mai Wintour anauza anchito aucotse, napitiriza kukhala pa tebulo osatekeseka. Mu 2005 ku Paris wina anamponyera cakudya kumaso. Zimenezi sitiziyamika konse. Ndi mwano, ndipo mwana wa sukulu yathu akacita zotere tikamlanga. Koma tidziwanso kuti munthu amene amtsekera kunja kwa bwalo amapfuulira kuseri kwa mpanda. Akuru anati, wakutsina khutu ndi mnansi. Ndipo mnansi ukamkaniza khutu, tsiku lina adzakugwira pa khosi.

Nanga anawakanizanji, popeza ndalama zao sizinali zabodza? Apa ndipo pagona nkhani. Vogue la mwezi wa September 2007 linali ndi masamba 840, ndipo mwa amenewo masamba 727 anali a malonda. Cotsani, monga timaphunzitsa ana: otsala ndi 113 okha. Ndalama imene wowerenga apereka pogula buku lotere ndi yocepa. Amene alipira mapepala, inki, ojambula ndi malipiro a Mkonzi ndiwo amalonda. Tsono taganizani mfumu ya mudzi imene ufa wace, nkhuku zace ndi nsaru zace zonse zicokera ku banja limodzi. Tsiku limene wamasiye adzasumira banja limenelo, kodi mlandu wace udzamveka? Mfumuyo siyenera kucita kuuzidwa kanthu, ndipo mwina idzalumbira moona mtima kuti siinalandire ciphuphu. Koma lilime lace lidzalemera lokha. Ife sitinena kuti mai Wintour anagulidwa, pakuti ubweya anaukonda ndi mtima wace. Tinena kuti m'nyumba yomangidwa motero munalibe mpando wa munthu wodzudzula. Ndipo coipa coposa ndi ici, kuti wowerenga sakanatha kusiyanitsa tsamba limene amalonda agula ndi tsamba limene Mkonzi apereka uphungu wace, popeza jasi la pa tsamba ili ndi la pa tsamba ilo linali limodzi.

Koma onani m'mene mlanduwo unathera. Mu 2000 aphungu a ku London anapanga lamulo loletsa kuweta nyama cifukwa ca ubweya m'England ndi Wales. Kenaka osoka ochuka anayamba kuusiya mmodzi mmodzi, poona kuti anyamata ndi anamwali a masiku ano aunyansidwa nao: Armani mu 2016, Gucci mu 2017, Chanel mu 2018, Prada mu 2019. Mu 2020 nthenda ya korona inalowa m'zitupa za ku Denmark, dziko limene linaposa onse a ku Ulaya pa ulimi umenewu, ndipo mu November boma linalamula kuti tinyama tonse tiphedwe, toposa mamiliyoni 15. Mu December 2021 buku lina la zobvala lochedwa Elle linalengeza kuti m'makope ace onse 45 a maiko osiyanasiyana simudzaonekanso ubweya. Ndipo potsiriza pace, mu October 2025, anthu atakhala miyezi yambiri akupfuula pa makomo a akuru a kampaniyo, a Condé Nast anati Vogue ndi mabuku ao ena sadzaikanso ubweya watsopano, m'nkhani kapena m'malonda. Anangopatulako zikopa za mitundu ya anthu imene isaka nyama kuti idye, monga mwa mwambo wa makolo ao. M'caka comweco mai Wintour anali atatula udindo wa Mkonzi wa Vogue la ku America, atakhalapo zaka 37, natsala woyang'anira mabuku ambiri a kampaniyo.

Buku limene linadzitama kuti litsogolera dziko pa zobvala linafika m'mbuyo mwa ambiri, ngati mwana wa ng'ombe wotopa. Tikondwera cifukwa ca tinyamato, koma ticita mantha kuchula cinthuci kulapa. Mu Mpingo timamdziwa munthu amene aleka mowa caka cimene ofulula onse asamuka m'mudzi. Mkazi wace akondwera, ndipo ayenera kukondwera. Akuru a Mpingo amlandira. Koma sathamangira kumpatsa guwa kuti alalikire za kudziletsa.

Kuli enanso amene analira, ndipo sitiyenera kuwaseka: alimi a ku Denmark amene nchito ya atate ao inatha m'masabata owerengeka. Ndiponso ubweya wopanga umene walowa m'malo mwa weni weni ndi pulasitiki wocokera ku mafuta a pansi, wosaola. Ena mwa majekete otere tiwaona m'milu ya kaunjika, eni ace atatopa nao.

Tisadzikuze ife a buku laling'ono lino, lopanda zithunzithunzi zonyezimira, pakuti nalonso liri nao amene alipira inki yace. Tsiku limene mbale wina wosauka adzalemba kalata yaulemu yodzudzula amene alipira inkiyo, tidzaona ngati Mkonzi wathu ali nao mpando umene unasowa ku New York. Ife amene tilemba muno tadzifunsa kale kangati tinafafaniza mzere woona cifukwa tinakumbukira dzanja limene litipatsa malipiro, ndipo ciwerengero cace sicinatikondweretse.

Mtsikana uja, atamva zonse za zitupa, anati safunanso kuona amaiwo pa kope lace. Koma pepalalo linali lolimba, ndipo kulitaya kukadakhala kuononga. Cifukwa cace analimasula, nalitembenuza, nakutiranso kope lace. Kuseri kwace kunali cithunzithunzi ca wochi ya golidi, ndi dzina la wogulitsa m'malemba akuru.