Buleki Inandithera pa Mtsetse wa ku Thabwa

Njinga imene inatsala pang'ono kundipha anandibweretsera ndi alamu anga kuchokera ku Joni. Inali yogwiritsidwapo kale ntchito, ya matayala onenepa a mano, batire lake lomangiriridwa pa felemu ndipo mota ili pakati pamene pali mapedulo. Tsiku loyamba kuikwera pa Dyeratu ana ankandithamangira. Ukapalasa pang'ono imakukankha ngati pali munthu kumbuyo.

Ntchito yanga ndi yogula nandolo ndi mbuzi m'midzi ya kumapiri, kumene magalimoto safika. Ife a kuchigwa timalidziwa bwino phiri lathu. Ukachoka ku Blantyre, kudutsa Madziabango, msewu umayamba kupindikapindika mpaka kukafika pa Thabwa, ndipo pamtunda waufupiwo umakhala watsika mamita mazanamazana. Chikweza chimene kale ndinkachikankha thukuta lili kamukamu, tsopano ndinkachikwera nditakhala pa chishalo.

Chaka chimenecho, 2022, magetsi anali ovuta. Namondwe Ana anali atagumula damu la Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Ife amene Kapichira ili pakhomo pathu tinkagona mumdima ngati wina aliyense. Choncho mtima wanga wonse unali pa batire. Magetsi akayaka pakati pa usiku ndinkadzuka kukalumikiza chaja. Masana ndinkaliika pamthunzi, ndi kulifunditsa chiguduli, poti kutentha kwa kuno mu Okutobala kumapitirira madigiri 40. Mayi a kunyumba anafika ponena kuti, "Bambo, batire limeneli mwalisandutsa mwana wakhanda." Koma mabuleki sindinkawayang'ana n'komwe.

Mabuleki a njinga zoterezi si a waya ayi, ndi a mafuta. Ukafinya chogwirira, mafuta amakankha timapadi tiwiri timene timapana chimbale chachitsulo cha pa gudumu. Buleki yakumbuyo itayamba kufewa, ndinagula mafuta a mabuleki a galimoto n'kuthiramo ndekha. Njinga yanga inkafuna mafuta a mtundu wina, ndipo a galimotowo amatupitsa ndi kudya timphira ta m'kati. Mapadi nawo anali ataperepeseka mpaka kumalira chitsulo pa chitsulo. Kulirako ndinkakumva, koma ndinkati ndi fumbi.

Tsiku la ngoziyo ndinkachokera kumtunda dzuwa litapendeka, kumbuyo nditamanga kathumba ka nandolo. Pofuna kudula mtunda ndinasiya tara n'kulowa kanjira ka anthu a makala, ka miyala yoterereka, mizu ndi timigula timene mvula inakumba. Njinga ya batire ndi yolemera kale, imapitirira makilogalamu 20, kuwonjezerapo ine ndi thumba. Ndinatsika ndili chifinyire mabuleki onse awiri, osawapumitsa. Fungo la chinthu chopserera linandipeza. Pa khona lachitatu ndinafinya yakumbuyo, chogwirira chinangofika pa handulo, pulupulu, osagwira kanthu. Yakutsogolo inalira kwiii, koma njinga inangowonjezera liwiro.

Kumanzere kunali phompho. Pansi patali ndinaona Shire akunyezimira, ndi minda ya nzimbe ya ku Nchalo ili biriwiri, ndipo ndikukumbuka kuti ndinaganiza za mwana wanga wamkazi amene anali mu Sitandade 8. Ndinakhotetsera kumanja, kumene kunali chigumula cha dothi ndi zitsamba za minga. Tayala lakutsogolo linamenya mwala, ine n'kuuluka pamwamba pa handulo.

Nditatsitsimuka, nandolo anali mbwee njira yonse. Mkono wamanja sunkanyamuka, ndipo fupa la paphewa linali litatukula khungu. Chisoti chimene alamu anandikakamiza kuvala, chimene anzanga pa Dyeratu ankachitcha chigoba cha kamba, chinali chitang'ambika pakati.

Anandipeza ndi anyamata awiri a makala. Mmodzi anagwada n'kunena kuti, "Achimwene, musadzuke. Mukutimva? Kwanu n'kuti?" Anavula malaya ake n'kundimangira mkono pachifuwa. Mnzake anakhudza chimbale cha buleki n'kuchotsa chala msanga, poti chinali chikadali moto, chitasanduka chabuluu. Anyamata amenewa amatsika phiri lomweli ndi matumba atatu pa njinga yakapalasa, buleki yawo ili chidutswa cha tayala chimene amachiponda ndi phazi, koma amadziwa poima kuti chizizire. Anasiya katundu wawo patchire, chakudya cha ana awo, n'kundinyamula mosinthana mpaka pa tara. Kumeneko anaimitsa lole ya mchenga imene inandiwolotsa pa mlatho wa Kamuzu kupita kuchipatala. Maina awo sindinawafunse, ndipo chimenechi chimandipweteka kuposa phewali.

Ndinakhala miyezi itatu osagwira ntchito. Mbuzi ziwiri zinapita pa mankhwala ndi chakudya. Mapadi atsopano ndi mafuta oyenera tinachita kuitanitsa ku Joni, chifukwa okonza njinga a kuno, ngakhale ali ndi luso pa tcheni ndi masipokosi, zipangizo zimenezi alibe.

Njingayo ndikukwerabe. M'mawa uliwonse ndisanatuluke ndimagwada, kuunika mapadi ndi tochi ya foni, kenako n'kufinya mabuleki onse awiri ndikukankha. Pa mtsetse ndimafinya n'kusiya, ndipo pa khona lachitatu lija ndimatsika n'kuyenda pansi. Ndikakumana ndi anyamata a makala ndimawayang'anitsitsa kumaso, mwina tsiku lina ndidzawazindikira awiri aja.