MUKAPITA KU SRI LANKA, KAFIKENI KU MIDZI YA MADAMU

Alimi anzanga, masiku ano ana athu ena amapita kutali kukaphunzira kapena kukagwira nchito, ndipo ena a inu atsogoleri a makalabu mumatumidwa kukaona maiko a eni. Tsono lero ndifuna kukuuzani za cisumbu ca Sri Lanka, cimene ciri kumwera kwa India. Akuluakulu amacidziwa ndi dzina lakale la Ceylon, limene linasinthidwa m'caka ca 1972. Dzikoli lingoposa pang'ono theka la dziko lathu, koma muli anthu oposa 21 miliyoni, ndipo cakudya cao ceniceni ndi mpunga.

Mabuku a alendo amanena zimodzimodzi: kasambeni m'nyanja kumwera, kakwereni thanthwe la Sigiriya, kakwereni sitima ya ku Ella yodutsa m'minda ya tiyi. Zonsezi n'zabwino, koma munthu wodziwa Thyolo ndi Mulanje sadzadabwa ndi tiyi. Mlimi alunjike kumpoto, ku cigawo couma ca Anuradhapura ndi Polonnaruwa. Ukacoka ku Colombo m'mawa pa sitima kapena pa basi, ufika tsiku lomwelo.

Sankhani mwezi monga musankhira tsiku lobzala. Kumeneko mvula yaikuru imagwa kuyambira October mpaka January. Nyengo imeneyi amaicha Maha, ndipo amakolola mu February ndi March. Nyengo yaciwiri ndi Yala, kuyambira April mpaka August, pamene mvula icepa ndipo mpunga udalira madzi osungidwa. Wofuna kuona minda yobiriwira apite mu January. Koma ine nditi pitani mu July kapena August, pakuti nzeru za anthu osunga madzi zimaoneka bwino madziwo akacepa. Pewani masiku a 13 ndi 14 April, caka cao catsopano, cifukwa masitolo amatseka ndipo mabasi amadzaza. Dziwaninso kuti tsiku limene mwezi ukhala wathunthu ndi chuthi mwezi uli wonse, ndipo sagulitsa mowa tsikulo.

Nanga mukaona ciani kumeneko? Mukaona madamu, amene iwo amawacha wewa. Alipo zikwi zambiri, ndipo midzi yambiri iri ndi lakelake. Ambiri si akuru ai, ndi khoma la dothi cabe lotsekereza kamtsinje. Codabwitsa ndi kaikidwe kake. Amawamanga motsatizana m'cigwa cimodzi, lina kumtunda, lina kumunsi. Madzi osefukira m'damu loyamba, pamodzi ndi otsalira m'minda yake, amatsikira m'damu laciwiri, nathirira minda ya mudzi wina, kenaka n'kutsikiranso m'lacitatu. Cotero madzi omwewo amalimitsa midzi ingapo asanafike ku mtsinje waukuru. Kumtunda kwa damu amasiyako mitengo yochinga mphepo kuti madzi asaume msanga. M'damumo muli nsomba, ng'ombe ndi njati zoweta zimamwa momwemo, ndipo madzulo anthu amadzasamba.

Akuru aliponso. Kala Wewa linamangidwa ndi Mfumu Dhatusena zaka zoposa 1,500 zapitazo, ndipo ngalande yake inkatenga madzi mtunda wa mailosi 54 kukafika ku Anuradhapura. Ku Polonnaruwa kuli Parakrama Samudra, la Mfumu Parakramabahu amene analamulira kuyambira 1153 mpaka 1186. Ameneŵa mudzawaona popanda wokulondolerani.

Koma ca mtengo wapatali sicioneka ndi maso, muyenera kufunsa. Nyengo isanayambe, alimi onse a damu limodzi amacita msonkhano. Amayang'ana madzi amene alimo, napangana tsiku lokonza ngalande, tsiku lotsegula madzi, mtundu wa mpunga wobzala, ndi tsiku lotseka. Palibe wotsegula yekha usiku. Caka ca cilala pali mwambo wina wochedwa bethma. Madzi akapanda kukwanira minda yonse, amasankha cigawo cimodzi ca pafupi ndi damu, nacigawana alimi onse kwa nyengo imodziyo, ngakhale amene minda yao iri kutali. Mwini munda wa pafupiwo amalola, podziwa kuti mvula ikabwera munda wake udzabwerera kwa iye. Inu amene mumakanganirana madzi ku madimba mu October, funsitsani za mwambo umenewu, ndi mmene amacitira ndi munthu wokana.

Polowa m'mudzi musangofika ngati mbuzi yosokera. Yambani mwapita ku ofesi ya zaulimi ya m'deralo, imene amaicha Agrarian Service Centre, kuti alangizi akuperekezeni kwa mkuru wa bungwe la alimi. Anthu amalankhula Sinhala kapena Tamil, tsono womasulira adzafunika. Mukazolowerana, afunseni za caka ca 2021. M'caka cimeneco boma linaletsa mwadzidzidzi kuitanitsa fetereza wa kunja, kuti onse alime ndi manyowa okha. Alimi sanakonzekere, mpunga unacepa kwambiri, ndipo lamulolo linacotsedwa caka cisanathe. Ine ndine mmodzi wolimbikitsa manyowa, koma nthaka siisintha ndi lamulo la tsiku limodzi.

Kunja kwa minda ya mpunga kuli minda ya kuchire ya mawere, citowe ndi mphodza. Mudzaona nsanja m'mitengo: alimi amagonamo kulondera njobvu, pakuti zimaononga mbeu ndi kupha anthu caka ndi caka. Musayende usiku m'njira za kuchire. Wofuna kuona njobvu apite ku damu la Minneriya mu August kapena September, pamene zimasonkhana zambirimbiri kudzadya msipu wa m'mbali mwa madzi.

Pa cakudya mudzapatsidwa mpunga ndi ndiwo zamitundumitundu za tsabola wambiri, ndipo amadya ndi dzanja lamanja monga ife. Lawaninso cambiko ca mkaka wa njati cimene amagulitsa m'timiphika tadothi. Polowa m'kacisi wa Abuda bvulani nsapato ndi cipewa, bvalani zophimba mapewa ndi maondo. Malungo anatha m'dzikomo, ndipo bungwe la WHO linatsimikiza zimenezi mu 2016, koma udzudzu wa matenda a dengue ulipo, ndipo umaluma masana.

Pobwerera musabise mbeu m'thumba, ngakhale mpunga wao ukukomereni cotani. Mbeu yolowa popanda cilolezo ca Boma ingatibweretsere matenda amene minda yathu ya ku Karonga ndi ku Nkhotakota siinawaonepo.