Kaphirintiwa pa Foni ya M'manja

Mayi wina amene amaphunzitsa Chichewa pasukulu ina ya ukachenjede ali ndi chizolowezi chimene aphunzitsi anzake amachiona ngati kudziputira ntchito. Ophunzira ake akatha kuwerenga nthano zofotokoza chiyambi cha zinthu, iye amawagawa m'magulu a anthu asanu ndi mmodzi, nawauza kuti gulu lililonse lipeke nthano yake, onse pamodzi, pafoni. Owerengeka amalembera pa Google Docs, koma ambiri, poopa kudula kwa bandulo, amangoponyerana ziganizo ndi mawu ojambula pa WhatsApp.

Iye amakhulupirira kuti nthano siinakhalepo ya munthu mmodzi. Wokamba akati "Padangokhala," omvera amayankha kuti "Tili tonse," ndipo yankho limeneli si lokometsera chabe. Womvera amavomera nyimbo, amakonza pamene wokamba waphonya, mwinanso amalanda nkhani n'kuipitiriza. Buku ndilo linam'tseka pakamwa. Nthano zimene Matthew Schoffeleers ndi Adrian Roscoe anasindikiza mu Land of Fire mu 1985 ndi chuma ndithu, koma zili m'Chingerezi, ndipo patsamba palibe wovomera. Gulu la pa WhatsApp, ngakhale lichuluke phokoso, limam'bwezera womvera mawu ake.

Phunziro limayambira pa Kaphirintiwa, ku Dzalanyama, pamene mwamuna ndi mkazi anatsika ndi mvula atanyamula khasu, lichero ndi mtondo, nasiya mapazi awo pathanthwe lisanaume. Anthu, nyama ndi Chauta anakhala pamodzi mpaka tsiku limene munthu anapeka moto. Tchire linapsa, nyama zinathawa ndi mkwiyo, galu ndi mbuzi zinathawira kwa munthu, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Mayiyu amakonda kuima pamenepa n'kukumbutsa ophunzira kuti m'Chichewa moto amapeka, nthanonso amapeka. Sawapempha kuti abwereze nkhaniyo, koma kuti afunse za masiku ano funso limene makolo anafunsa za moto: tinapindulanji, nanga anathawa ndani? Steve Chimombo anayenda kale njira yotere pamene anatenga Mbona mu The Rainmaker mu 1978, ndi Napolo m'ndakatulo zake, kuti alankhule za nthawi yake.

Vuto la makina olemba okha, limene anzake amadandaula nalo kwambiri, kwa iye ndi laling'ono. Nthano yochokera ku ChatGPT imadziulula yokha. Chichewa chake chimaterera, koma mudzi wake ulibe dera, ndipo gulu lina linabwera ndi kangaude wochenjera wonyenga anzake, amene ali Ananse wa ku Ghana, pomwe kuno ntchito imeneyo ndi ya Kalulu. Iye saletsa makinawa. Amangolamula kuti chiganizo chilichonse chochokera kumeneko chionetsedwe poyera.

Chimene chinasintha kaphunzitsidwe kake ndi mawu a gogo wina wa ku Nsanje. Mdzukulu wake anam'jambula akusimba za Mbona ndi kachisi wa ku Khulubvi, naponya mawuwo pagulu kuti anzake amve kamvekedwe kake. Mmodzi anatumizira mnzake, mnzakeyo anatumiziranso wina, ndipo sabata isanathe gogoyo anamva mawu ake omwe akutuluka pafoni ya mnyamata woyandikana naye nyumba. Sanakalipe. Anangoti, "Mwana iwe, ine ndimauza iwe, sindimauza dziko." Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limati nthano ndi zina zamakolo zili m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse, koma lamulo silidziwa manyazi a nkhalamba imene yamva chifuwa chake chikutsokomola pabwalo la eni. Kuyambira pamenepo wophunzira aliyense amafunsa mafunso atatu paderapadera: Agogo, ndijambule? Anzanga amve nawo? Dzina lanu ndilitchule? Ambiri amavomera loyamba ndi lachiwiri, nakana lachitatu. Ena amakana loyamba lomwe, ndipo mdzukulu amayenera kumvetsera ndi makutu n'kusunga m'mutu, monga zinkakhalira kale.

Mlandu wovuta koposa unabuka m'gulu limene linasankha kupeka nthano ya chiyambi cha zilombo za Gule Wamkulu. Mtsikana wina wakhama anapeza pa intaneti zofotokoza zochitika kudambwe, nalemba ndime yokoma kwambiri. Mnyamata wa ku Dedza, amene anameta, anaifufuta usiku osanena kanthu. M'mawa mtsikanayo anaibwezera. Mfundo yake inali yomveka: zimenezi zili kale m'mabuku a akatswiri, ndipo UNESCO inalengeza mu 2005 kuti gule ameneyu, wa Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndi chuma cha anthu onse. Mnyamatayo anayankha kuti chimene dziko linapatsidwa ndi cha pabwalo, ndipo kuti mlendo akaulula chinsinsi ndi nkhani ina, koma dzina lake iyeyo likaoneka pansi pa ndime imeneyo sadzatha kuyang'ana atsibweni ake kumaso.

"Madamu, tiweruzeni," anatero onse awiri.

Iye anakana, ndipo anachita bwino, pakuti chigamulo chake chikanangokhala cha mwini malikisi. Anangowaletsa chinthu chimodzi, kufufuta mawu a mnzako iye asakudziwa, popeza pulogalamu yolemberayo imasunga mbiri ya kusintha kulikonse ndipo palibe chobisika. Anakangana masiku asanu ndi atatu. Potsiriza anagwirizana kuti nthano isimbidwe ndi mwana woima m'mphepete mwa bwalo, amene amaona fumbi, nthenga ndi kuthawa kwa amayi, koma sadziwa kumene chilombo chachokera ngakhale kumene chidzalowere. Nthanoyo inatuluka yamphamvu kuposa yoyamba, ngakhale sichinali chimene ankafuna pokangana.

Mtsikanayo sanakhutire. M'lipoti lake analemba kuti sukulu ya ukachenjede ndi malo ofunsira chilichonse, ndi kuti chinsinsi chimene chimatsekera akazi kunja chiyenera kufunsidwa kawiri. Mphunzitsiyo anam'patsa malikisi apamwamba, mofanana ndi mnyamata uja. Nthano ya gululi inatumizidwa kwa magulu ena onse ili ndi mayina asanu ndi limodzi pansi pake. Ndime yofufutidwa ija mtsikanayo akadali nayo pafoni yake, ndipo mpaka lero sanaitumize kwa munthu.