Nkhalango Ilibe Mbale

Ambiri a ife tikamva za maphunziro a usilikali, maganizo amathamangira ku mfuti, perete ndi nyimbo za anyamata othamanga m'bandakucha. Koma padziko pano pali sukulu zina za usilikali kumene phunziro loyamba ndi kusamala mapazi, lachiwiri ndi kumwa madzi osadwalitsa, ndipo mfuti imabwera pambuyo. Izi ndi sukulu zophunzitsa nkhondo ya m'nkhalango zowirira za m'madera otentha, momwe mvula imagwa kosalekeza ndipo dzuwa silifika pansi. Ndakhala ndikuwerenga za sukuluzi kwa zaka zingapo, ndipo chimene ndatolapo n'chakuti nkhalango ilibe mbale. Aliyense wolowamo, woyera kapena wakuda, amalowa ngati mlendo, ndipo ayenera kuphunzira mwambo wake.

Imodzi mwa sukulu zotchuka ili kumpoto kwa chilumba cha Okinawa ku Japan, m'nkhalango ya Yanbaru. Kumeneko asilikali a ku America otchedwa Marines, amene ntchito yawo ndi kufika kunkhondo kudzera panyanja, ali ndi malo otchedwa Camp Gonsalves. Dzinali ndi la Harold Gonsalves, mnyamata amene anafa mu 1945 pa nkhondo ya ku Okinawa atadziponya pa bomba kuti apulumutse anzake. Wina angafunse kuti, nanga asilikali a panyanja akufunanji m'nkhalango? Yankho lili m'mbiri yawo. Mu Ogasiti 1942 iwo anatsika m'zombo pa chilumba cha Guadalcanal kukamenyana ndi Ajapani, ndipo atangochoka pamchenga anapezeka ali m'nkhalango momwe malungo anagwetsa anthu ambirimbiri. Zilumba zambiri za nyanja ya Pacific n'zotero: gombe ndi lopapatiza, kuseri kwake ndi mitengo yokhayokha.

Zimene amaphunzira ku Okinawa zingaoneke zazing'ono kwa munthu wokhala pakhonde. Msilikali amaphunzira kumanga mfundo za chingwe, kutsika maphompho, kuwoloka mitsinje yothamanga, ndi kupeza njira ndi mapu ndi kampasi pamalo pamene sangaone phiri kapena nyenyezi. Amawerenga mapazi ake kuti adziwe mtunda umene wayenda, pakuti m'zigwembe zoterera kilomita imodzi ikhoza kudya maola. Amaphunzira kusamala njoka yaululu yotchedwa habu. Pomaliza pali mayeso oyenda makilomita pafupifupi 6 m'matope ndi m'mitsinje, ndipo chakumapeto gululo limanyamula mnzawo pa machira ngati wavulala. Apa ndi pamene wamphamvu wodzikonda amaonekera poyera, chifukwa mutu umodzi susenza denga, ndipo machira sanyamulika ndi munthu mmodzi.

Angerezi nawo ali ndi sukulu yawo ku Brunei, pa chilumba cha Borneo, ndipo dziko la Brazil linatsegula yake ku Manaus, m'nkhalango ya Amazon, mu 1964. Malamulo a moyo wa tsiku ndi tsiku m'nkhalango zotere amafanana. Msilikali amakhala ndi zovala ziwiri: zonyowa zovala masana ndi zouma zogonera. M'mawa, kaya kuzizire bwanji, amavula zouma n'kuzikulunga bwino, n'kuvalanso zonyowa zija. Sagona pansi koma pa nsalu yomangirira ku mitengo iwiri, ndipo asanaimange amayang'ana m'mwamba ngati mulibe nthambi youma yoti ingamugwere usiku. Madzulo amavula jombo, kupukuta mapazi ndi kuwathira paudala, apo ayi khungu limafewa n'kuyamba kusupuka. Mfuti imachita dzimbiri tsiku limodzi lokha. Kabala ka munga kakanyalanyazidwa kamasanduka chilonda. Polankhulana amagwiritsa ntchito manja, popeza mdani akhoza kukhala pa mtunda wa mamita 10 osaoneka. Kunena zoona, sukulu imeneyi imaphunzitsa kudekha kuposa ukali. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa ife Amalawi sitili alendo kwa iyo. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anyamata a ku Nyasaland a m'gulu la King's African Rifles, limene makolo athu ankalitchula kuti Keyala, anatumizidwa ku Asia. Mu 1943 gulu lalikulu la asilikali a kum'mawa kwa Africa, la nambala 11, linapita ku Ceylon, kumene lero timati Sri Lanka, kukaphunzira nkhondo ya m'nkhalango. Mu 1944 linalowa m'dziko la Burma, lero Myanmar, n'kutsika chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula yamphamvu, likuthamangitsa Ajapani mpaka kukafika pa mtsinje wa Chindwin chakumapeto kwa chakacho. Chigwa chimenechi chinali ndi mbiri yoipa ya malungo ndi matenda ena a malungo obwera ndi tizilombo ta m'tchire. Misewu inasanduka phala, ndipo chakudya chambiri chinkaponyedwa kuchokera m'ndege.

Mmodzi wa agogo anga anali m'gulu limenelo. Sanali munthu wokamba za nkhondo, ndipo ife ana tikawaumiriza kuti atiuze za Ajapani, iwo ankakamba za misundu. Ankati unkaimva italowa kale m'jombo, ndipo pofika madzulo masokosi anali magazi okhaokha. Ankakambanso za timapiritsi tachikasu ta malungo timene ankamwa pamzere, mkulu wa gulu akuyang'ana kukhosi. Pa nthawiyo ndinkaona ngati agogowo akutibisira nkhani zenizeni. Nditakula n'kuwerenga mbiri, ndinapeza kuti zimene ankanenazo ndiye inali nkhondoyo. Mkulu wa asilikali a Britain ku Burma, William Slim, analemba kuti mu 1943 pa msilikali mmodzi aliyense wochotsedwa kunkhondo chifukwa chovulala, ena 120 ankachotsedwa chifukwa cha matenda. Anakhwimitsa lamulo la kumwa mankhwala a mepacrine tsiku lililonse, mpaka kuchotsa paudindo akuluakulu amene asilikali awo ankazemba kumwa, ndipo odwala anachepa kwambiri.

Chimene chimandiwawa m'mbiri imeneyi ndi ganizo limene Azungu ena a nthawiyo anali nalo, lakuti munthu wa ku Africa anabadwira m'nkhalango, choncho malungo ndi tchire sizingamuvute. Agogo anga anakulira ku Ntcheu, kumene munthu amaima pachulu n'kuona mudzi wachitatu. Tchire lathu la misuku ndi mitondo ndi lotseguka, limayoyola masamba m'chilimwe, ndipo mlenje amaona nyama patali. Nkhalango zobiriwira chaka chonse kwathu kuno n'zochepa, zili m'malo ngati Mulanje, Ntchisi ndi Misuku. Mnyamata wa ku Ntcheu kapena ku Kasungu anali mlendo ku Kabaw chimodzimodzi mnyamata wa ku Manchester. Ngati anapirira, chinali chifukwa cha maphunziro, mwambo ndi kulimba mtima, zinthu zimene munthu amazigwirira ntchito. Kunena kuti zinali za m'magazi ndi kumulanda ulemu umene anaukhetsera thukuta.

Nkhondo ija itatha, a Keyala a ku Nyasaland anabwereranso ku Asia kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, ulendo uno ku Malaya, kumene Britain inkalimbana ndi zigawenga za chikomyunizimu zobisala m'nkhalango. Asilikali ofika kumeneko ankadutsa pa sukulu ya ku Kota Tinggi m'chigawo cha Johor. Ndipo Angerezi, ndi mfuti zawo zonse ndi ndege zawo, anapita ku Sarawak kukatenga anthu a mtundu wa Iban kuti aziwalondolera mapazi a adani. Anthu amenewa ankawerenga tsamba lopindika ndi kamtengo kothyoka monga ife tiwerengera nyuzipepala, luso limene nawonso anachita kuphunzira kwa makolo awo kuyambira ali ana. Safunsa anadya phula, ndipo ufumu waukulu uja unayenera kufunsa.

Wina anganene kuti zonsezi n'zakale, masiku ano kuli ndege zopanda woyendetsa ndi makina osonyeza pamene munthu ali. Koma denga la masamba limabisa zapansi kwa woyang'ana ali m'mwamba, chinyezi chimawononga zipangizo, ndipo mawailesi samveka bwino m'zigwembe. Helikopita singatere pamene palibe bwalo, choncho wovulala amadalirabe mapewa a anzake. N'chifukwa chake mayiko olemera sanatseke sukuluzi.

Nafenso sitinachoke m'nkhalango. Mu 2013 Malawi, pamodzi ndi Tanzania ndi South Africa, inapereka asilikali ku gulu lapadera la bungwe la United Nations kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo. Mu Novembala 2018 asilikali athu 6 anaphedwa pafupi ndi Beni polimbana ndi zigawenga za ADF, zimene zakhala m'nkhalango za deralo kwa zaka zambiri ndipo zimadziwa kanjira kalikonse. Anyamata amenewo anachokera m'midzi yonga ya agogo anga, ndipo anakaima m'tchire lachilendo ngati mmene anaimira iwo ku Kabaw.

Ndikadutsa pa chipilala cha a Keyala ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks, ndimaganiza kuti dziko likatuma ana ake kunkhalango za eni, ngongole yake yoyamba ndi kuwaphunzitsa mokwanira asananyamuke: masabata okwanira m'tchire lowirira, mankhwala a malungo osasowa, jombo zoyenera, ndi aphunzitsi amene anaionapo nkhondo yotere. Ngongole yachiwiri ili kwa ife ogwira cholembera. Akuluakulu a ku Burma atsala pang'ono kutha, ndipo ambiri apita ndi nkhani zawo za misundu osazilemba. Obwerera ku Congo tili nawo m'midzi ndi m'matauni mwathu. Tiyeni tikhale nawo pansi akadali ndi mawu.