Pacitunda tonse titsika

Aliyense wofika mu Chipata koyamba amadabwa ndi njinga. Ziliponse: pa Kapata Market, ku Down Shops, m'mbali mwa Great East Road, zina zanyamula masaka a makala, zina zanyamula munthu pa kampando ka kumbuyo. Akuluakulu amakumbukira masiku amene njinga za Eagle zinali kupangidwa m'tauni muno momwe, pa Luangwa Industries. Ine ndinakulira pakati pa njinga zimenezi, koma sindinaganizepo kuti tsiku lina njinga idzandiphunzitsa cinthu cimene digiri yanga ya ku UNZA sinandipatse.

Munali mu 2024, caka ca cilala. Malaiti anali kupita maola ambiri, unga unakwera mtengo, ndipo malipiro anali kutha mwezi usanafike pakati. Ndinaleka kukwera takisi popita ku nchito. M'mawa wina ndinaimitsa wa njinga, ndinakhala kumbuyo, tinanyamuka. Tisanapite patali anati, "Aphunzitsi, mwandiiwala?"

Ndinamuyang'ana kumsana, nkhope sindinaione. Ananditchulira kalasi ndi caka: Giredi 9, 2017. Pomwepo mtima unagunda. Ndinamukumbuka. Anali mnyamata amene anali kukhala pa desiki la kumapeto, wogona pafupifupi tsiku lililonse m'phunziro loyamba. Tsiku lina ndinamuimika patsogolo pa anzake n'kunena kuti munthu waulesi ngati iye sadzapita kulikonse. Kalasi yonse inaseka. Ine ndinamva ngati ndagwira nchito yanga bwino.

Tinafika pamene msewu uyamba kukwera. Anaima n'kunena, "Apa tiseluke aphunzitsi, tiyendeko pang'ono." Tinayenda mbali ndi mbali, iye akukankha njinga, ine nditakoleka cikwama ca mabuku paphewa. Ndinamufunsa za kunyumba, monga mmene munthu afunsira kuti pasakhale zii. Anandiuza mosadandaula kuti caka cimene cija atate ake anadwala kwa nthawi yaitali. Iye ndiye anali kudzuka 4 koloko usiku, kutenga njinga ya atate, kukatula tomato ndi repu za azimai ogulitsa ku Saturday Market, kenako kuthamangira ku sukulu. Mayeso a Giredi 9 analephera. Njinga ija ndiyo inakhala nchito yake, ndipo mlongo wake wamng'ono anali atafika Giredi 12 ndi ndalama za njinga yomweyo.

Kwa caka conse ndinali kumuona atagoneka mutu pa desiki, koma sindinamufunsepo ngakhale kamodzi kuti wadzuka nthawi yanji. Akulu anati safunsa anadya phula. Ine phula langa ndinalidya patapita zaka 7, ndili ciyendere pacitunda.

Titafika pa geti ya sukulu ndinatulutsa K50, ndinati asunge cenji. Anawerenga ndalama zake bwinobwino n'kundibwezera cenji yonse m'manja. "Mtengo ni umodzi aphunzitsi, kwa aliyense." Anamwetulira n'kupita. Ndinaima pamenepo ndi manyazi, cifukwa ndinadziwa cimene ndinali kufuna kugula ndi cenji ija. Ndinafuna kuti ndalama indipepesere, kuti pakamwa panga pasatuluke mau amene mphunzitsi amaona ngati sangawanene kwa mwana wa sukulu.

Zinanditengera masiku atatu. Pa tsiku lacinai ndinamudikira pamalo pomwe paja. Titafika pacitunda tinatsika monga kale, ndipo ndinati, "Zimene ndinakamba tsiku lija m'kalasi ndinalakwa. Undikhululukire." Anakhala cete kwa kanthawi. Kenako anati mau aja sanawaiwale, ndipo masiku ena akatopa ndi kuchova amawamvabe m'mutu. Sananene kuti palibe kanthu, ndipo ndinamulemekeza cifukwa ca zimenezo. Anangowonjezera kuti, "Koma lelo mwakamba." Tinakweranso njinga.

Kuyambira pamene boma linabweretsa maphunziro aulere mu 2022, makalasi athu adzaza. Langa lina lili ndi ana oposa 80. N'kosavuta kuuza mtima kuti sungadziwe nkhani ya mwana aliyense, ndipo n'zoona, sindingathe. Koma mwana akagona m'kalasi tsopano sindimuimika patsogolo. Ndimadikira belu, n'kumuitanira pambali, n'kufunsa, "Wadzuka nthawi yanji? Wadyako?" Ena amayankha kuti anacezera pa foni, ndipo amenewo ndimawadzudzula ndithu. Ena amangoyang'ana pansi, ndipo ndimadziwa kuti pali katundu amene ndiyenera kumva.

Phunziro lija linanditsatira mpaka kunyumba. Amuna anga anakhala miyezi ingapo nchito zawo zowotcherera zitsulo zitaima cifukwa ca malaiti. Anali kubwera madzulo osakamba zambiri, ine n'kumawerenga m'mtima zimene sanagule. Ndinali nditakhala pa kampando ka kumbuyo, kudabwa kuti n'cifukwa ciani njinga siithamanga. Usiku wina tikudya nsima pa kuwala kwa foni ndinaleka kuwerenga, ndinawafunsa mmene zinthu zinalili ku shopu. Anakamba mpaka mbaula inazima. Mawa lake tinakhala pansi ndi kope, tinalemba nkhongole zonse, zao ndi zanga, pa tsamba limodzi.

Mnyamata uja ndimakwerabe njinga yake masiku ena. Akusunga ndalama kuti agule njinga yamoto, ndipo amaseka kuti ikabwera sitidzatsikanso pacitunda paja. Ndimamufunira zabwino, ndipo ikabwera ndidzakwera. Koma cenji ndinaleka kumusiyira. Ndimalipira mtengo wake, ndipo tikafika pokwera ndimatsika asanandiuze.